Chikhakha chosaopa madzi: ndilipire kapena tingokhala ndi cha pulasitala?

Mayi wa ku Mufakose:
Abale anga, ndili kuno ku Harare, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wa zaka 7 anagwa mu mtengo wa gwafa Loweruka, fupa lathyoka pafupi ndi polumikizira dzanja. Pakadali pano amuika chikhakha cha mbali imodzi n'kukulunga bandeji, akuti kutupa kutsike kaye. Sabata yamawa akukaika chozungulira mkono wonse. Adokotala andiuza kuti ndisankhe pakati pa cha pulasitala chomwe timachidziwa kale chija ndi china chimene mwana angasambe nacho osavala jumbo. Chachiwirichi medical aid yathu siyikulipira, ndiye kuti madola atuluke m'thumba mwanga, pomwe fizi ya temu ino sindinamalize. Alipo anachigwiritsapo ntchito?

Agogo a ku Highfield:
Pepani mwana wanga, Mulungu amuchiritse mdzukulu wathu. Ine mwendo unathyoka ndili pa ntchito ku fakitale ku Workington, ndinakhala ndi pulasitala miyezi iwiri. Lero ndimayenda wapansi mpaka ku Machipisa. Fupa la mwana limalumikizana msanga. Ndalamayo lipirirani sukulu, mkonowo muzikulunga ndi jumbo ya buledi posamba.

Mayi wa ku Epworth:
Agogo, inetu jumbo ya buledi inandiliza. Mtsikana wanga anali ndi zaka 5, nthawi ya mvula. Ndinkamanga bwinobwino ndi mphira, koma madzi amalowa ndi m'chigongono osadziwa. Tsiku lina anathamangira panja kukasewera m'zithaphwi ndili ku mjigo. Pofika sabata yachitatu chikhakha chinafewa m'mphepete ngati nsima yogona, fungo lake osakamba, ntchentche kumutsatira. Atachidula, khungu linali loyera, lonyowa, ndi zilonda ziwiri. Ndinalipira chikhakha china, kombi maulendo atatu, mankhwala opaka. Mukawerengera zonsezi, kutchipa kuja kunathera pati?

Namwino wopuma ku Glen Norah:
Ndiloleni ndifotokoze, chifukwa ambiri timasokoneza zinthu zitatu. Pali pulasitala, uja amati plaster of Paris. Ndi ufa wa mwala wa gypsum womwe amauwaza mu bandeji. Akaviika m'madzi umatentha pang'ono n'kuyamba kulimba pa mphindi zochepa, koma kuti uume mpaka mkati pamafunika masiku awiri kapena atatu. Njirayi ndi yakale, anaiyambitsa dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen, cha mu 1851, ndipo mpaka lero sinathe ntchito chifukwa pulasitala amaumbika bwino motsatira mkono. Fupa likakhala kuti linasuntha ndipo alikoka kulibwezera m'malo, madokotala ambiri amayamba ndi ameneyu.

Kenako pali fibreglass, zija zamitundumitundu, zabuluu, zapinki. N'zopepuka, zimalimba msanga, ndipo pojambula X-ray fupa limaoneka bwino. Koma mverani apa: fibreglass payokha siyipangitsa chikhakha kukhala chosambira. Kunja kwake sikufewa ndi madzi, inde, koma mkati amayala thonje lomwe lija, ndipo thonje likanyowa limasunga madziwo pakhungu masiku. N'chimodzimodzi kugona ndi sokosi yonyowa sabata yathunthu.

Chosaopa madzi chenicheni ndi fibreglass yomwe mkati mwake, m'malo mwa thonje, ayalamo kansalu kapadera kosamwa madzi, monga Delta-Dry. Madzi amalowa ndithu, koma amatsetsereka n'kutuluka, otsalawo amauma ndi kutentha kwa thupi. Choncho mayi, mukapita funsani mwachindunji: mkati muikamo chiyani? Musalipire ndalama zambiri chifukwa cha mtundu wa kunja basi.

Mayi wa ku Mufakose:
Zikomo kwambiri anesi. Ine ndimayesa kuti chabuluu chilichonse n'chosambira. Ndikafunsa.

Mnyamata wa ku Mbare:
Amayi, ine ndinachivalapo chaka chatha. Ndimatsuka magalimoto, ndiye kukhala masabata 6 osakhudza madzi kukanatanthauza kugona ndi njala. Abwana anandithandiza theka. Galimoto sindinkatsuka ndi dzanja lothyokalo, adokotala analetsa, koma ndinkagwira paipi ndi linalo osaopa kuthovokeredwa. Chomwe ndinachikonda kwambiri n'chakuti kukayabwa ndimangothira madzi ozizira mkati, kuyabwa kutha. Fungo kunalibe. Kutentha kwa October kuno mukukudziwa, thukuta mkati mwa pulasitala si masewera kwa mwana.

Bambo wa ku Kambuzuma:
Koma tiyeni tinene zoona za kwathu kuno. Zinthu zimenezi anapangira anthu osamba pa shawa ndi kusambira m'madamu a m'nyumba. Ife madzi a m'mipopi amabwera kangati pa sabata? Mwana timamusambitsa ndi ndowa ndi kapu, mkono atakweza m'mwamba. Kuteteza mkono umodzi pa kusamba kotereku n'kosavuta. Ndipo ndinamva kuti chosaopa madzicho chikanyowa umayenera kutsukuluza ndi madzi oyera. Madzi oyerawo ndi aja timaima nawo pa mzere ku mjigo kuyambira 4 koloko m'mawa?

Namwino wopuma ku Glen Norah:
Bambo mwanena mfundo. Sopo akatsalira mkati amatupitsa khungu, ndiye pomaliza kusamba pamafunika kuthira madzi oyera, kenako kulozetsa mkono pansi kuti akhe. Kuuma kumatenga ola kapena kuposa, nchifukwa chake ndi bwino kumusambitsa dzuwa likadalipo, osati pokagona. Ndipo pasapezeke wina woganiza kuti mwana akhoza kukalowa nacho mu mtsinje wa Mukuvisi kapena ku Lake Chivero. Mchenga ndi zinyalala zikalowa mkati sizituluka, zimakhula khungu mpaka chilonda. Ngakhale m'zithaphwi za mvula ayi.

Mayi wa ku Epworth:
Ndiye kuti wanga uja chikanamupulumutsa pang'ono chabe.

Namwino wopuma ku Glen Norah:
Chikanapulumuka n'chikhakhacho, sichikanafewa, ndipo matopewo mukanawatsukuluza. Koma maso a kholo amafunikabe.

Pali zinanso. Si aliyense amaloledwa kuvala chosaopa madzi. Ngati pali bala, ulusi wosokera kapena tizitsulo tomwe tatulukira pakhungu, saika. Kutupa kukadalipo saikanso, chifukwa kansalu kaja n'kopyapyala, sikapereka mpata ngati thonje. Pa mwendo chimavuta chifukwa madzi amakhazikika ku chidendene. Pa mkono wa mwana m'munsi mwa chigongono ndi pomwe chimachita bwino. Tsiku lochotsa muwakumbutse kuti mkati mulibe thonje. Macheka odulira chikhakha aja sazungulira, amangonjenjemera, koma amatentha, ndiye wodulayo ayenera kusamala kwambiri pomwe choyala chili chopyapyala.

Mlongo wa ku Johannesburg:
Achemwali, pali njira ya pakati. Kuno m'ma pharmacy amagulitsa chovala cha pulasitiki chokhuthala, chokhala ndi mphira kukamwa kwake, mumalowetsamo mkono ndi chikhakha chomwe, mphirayo n'kugwira khungu. Sichokwera mtengo ngati kusintha chikhakha chonse, ndipo mukamaliza mumasunga kapena kubwereka mnzanu. Yang'anani m'ma pharmacy a m'tauni, mukasowa ndiuzeni ndipatsire wa basi Lachisanu. Mungotenga saizi ya mwana, ya akulu imalowetsa madzi.

Agogo a ku Highfield:
Izi ndiye ndagwirizana nazo.

Mphunzitsi wa ku Dzivarasekwa:
Ine ndikufuna ndifunse mbali ina. Mayi, adokotala anati kuthyokako n'kwa mtundu wanji? Mafupa a ana ndi ofewa ngati nthambi yaiwisi, nthawi zina fupa limangofinyika mbali imodzi osaduka. Mwana wa m'kalasi mwanga anangopatsidwa chomangira chochotseka cha zomata, masabata atatu basi, posamba n'kumavula.

Namwino wopuma ku Glen Norah:
N'zoona aphunzitsi, amati buckle fracture. Ku UK kunachitika kafukufuku wamkulu, zotsatira zake zinatuluka mu 2022, ndipo anapeza kuti ana othyoka motere amachira chimodzimodzi ngakhale atangokulungidwa bandeji yofewa. Koma izi ndi za mtundu umenewo wokha. Ngati fupa linaduka kapena kupindika, chikhakha n'chofunika, kawirikawiri masabata 4 mpaka 6 kwa mwana. Amene waona chithunzi ndiye aweruze, ife pa foni pano sitingathe.

Ndipo mayi, chilichonse chomwe musankhe, usiku uno ndi masiku akubwerawa muziyang'ana zala. Zikatupa kwambiri, zikazizira, zikasintha mtundu, akamati zachita dzanzi, kapena ululu ukamakula ngakhale wamwa Panado, makamaka mukamuwongola zala, musadikire kuti kuche. Pitani ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, nthawi yomweyo, kaya ku chipatala cha Sally Mugabe kaya cha Parirenyatwa. Ndipo asalowetse pensulo, waya kapena kamtengo kuti akande mkati. Ndinachotsapo chivindikiro cha bolopeni chitamira m'khungu la mwana, makolo osadziwa kanthu.

Bambo wa ku Kambuzuma:
Ine ndikadali pomwe paja. Kwa wogwira ntchito ya madzi ngati mnyamata wa ku Mbareyu, ndamvetsa. Kwa mwana wa sukulu yemwe amayi ake alipo, ayi.

Mayi wa ku Epworth:
Amayi ake alipo, koma amagwira ntchito bambo. Masana mwana amakhala ndi ndani?

Mayi wa ku Mufakose:
Apo ndiye mwakhudza pomwe pakundivuta achemwali. Ndimachoka 5 koloko m'mawa kupita ku Mbare Musika kukapikula tomato, ndimabwera madzulo. Akaweruka amakhala ndi mkulu wake wa zaka 12, ndipo mvula yayandikira. Dzulo lomweli ndapeza bandeji yada ndi dothi, akuti amasewera mpira ndi dzanja limodzi.

Mayi wa ku Mufakose:
Ndabwerako kuchipatala. Adokotala andionetsa chithunzi, si kofinyika kuja aphunzitsi, fupa linaduka koma silinasunthe, ndiye chikhakha n'chofunika masabata ena anayi. Ndafunsa za mkati monga munandiuzira anesi, anditulutsira kansaluko ndakagwira ndekha, si thonje. Bala alibe, kutupa kwatsika. Ndalipira chosaopa madzicho. Ku sukulu ndakambirana nawo, fizi yotsalayo ndimaliza kumapeto kwa mwezi. Achemwali a ku Johannesburg musavutike ndi wa basi. Mwiniwake wasankha chobiriwira, pano wagona mkono uli pa pilo, zala ndaziona zikutentha bwino.