Za deta ya achinyamata ija, ndayipeza

Ndinafunsa komwe ndingapeze deta ya kafukufuku wokhudza achinyamata, makamaka a zaka 10 mpaka 14, yoti ndigwiritse ntchito pa maphunziro anga kuno ku Blantyre. Zikomo nonse amene munandiunikira.

Ndinayamba ndi Malawi Demographic and Health Survey (DHS, kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo) ya 2015-16, yomwe inachitidwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba. Ndi yaulere: umalembetsa pa intaneti, n'kufotokoza mwachidule cholinga chako. Koma anafunsa akazi a zaka 15 mpaka 49 ndi amuna a zaka 15 mpaka 54, ndiye ana a zaka 10 mpaka 14 aja mulibe mawu awo. Pa za mimba zaubwana ndi yabwino zedi. Mmenemo ndi mochokera chiwerengero chija chakuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali oyembekezera.

Yandithandiza kwambiri ndi MICS (Multiple Indicator Cluster Survey, kafukufuku wa za moyo wa ana ndi amayi) ya 2019-20 ya UNICEF, poti ili ndi gawo la ana a zaka 5 mpaka 17, ngakhale mafunso ambiri amayankha ndi mayi kapena womulera mwanayo.

Anzanga ogwiritsa ntchito Stata (pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira deta), musaiwale ma weights, manambala othandiza kuti zotsatira ziimire anthu a dziko lonse. Mu DHS, v005 (weight ya akazi ofunsidwa) muigawe ndi 1,000,000 musanawerengere kalikonse.