Za preamp ndi kompresa zija

Paja ndinafunsa kuti ndiyambe kugula chiyani mu situdiyo, poti maiki yanga ya SM7B inkatulutsa mawu otsika, ndikakweza n'kumamveka kuti sss. Ambiri munati preamp kaye, chipangizo chokweza mphamvu ya mawu ochokera mu maiki, ndipo munalasa. Maiki imeneyi imafuna gain (kukweza mphamvu ya mawu) pafupifupi 60 dB (dB ndi muyezo wake). Ndatenga preamp ya mtundu wa Neve 1073, yofika 80 dB, phokoso lija latheratu.

Kompresa, chipangizo chochepetsa mawu okwera kwambiri kuti asatalikirane ndi otsika, ndiye yandizunguza mutu. Kompresa ya 1176 imagwira msanga zedi, pa ng'oma ndi yabwino, koma kwa woimba wa mawu ofewa ndinamva ngati ikumufinya. Ndatsamira ku kompresa ina, LA-2A, zopotokola zake zikuluzikulu ndi ziwiri basi. Pojambula ndimangochotsa 3 dB, zotsalazo ndimakonzera pa kompyuta.

Inu amene mumalumikiza kompresa zonse ziwiri, mumayambira iti?