Asilikali 20,000 angabisale bwanji osaoneka?

Mphunzitsi wa ku Kabwata:
Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo ndimaphunzitsa za nkhondo ya ku Isandlwana ya pa 22 Januwale 1879, ndiye mtsikana wina wa Giredi 11 anaimika mkono: "Madamu, Azulu 20,000 anayandikira bwanji msasa wa Angerezi popanda wowaona?" Ndinasowa chonena. Manotsi anga amangotchula akufa, oposa 1,300 mbali ya Angerezi. Sindinagone nazo, chifukwa mwanayo anafunsa funso lenileni.

Dalaivala wa ku Matero:
Madamu, ine ndimayendetsa thiraki ya ku Durban, ndipo chaka chatha ndinapatuka kukaona malowo. Msasa unali m'tsinde mwa phiri la Isandlwana. Ukaima pamenepo n'kuyang'ana kumpoto, maso amathera pa chitunda chachitali. Kuseri kwake kuli chigwa cha Ngwebeni, mmene Azuluwo anakhala phee. Okwera pamahatchi a Angerezi anawatulukira mwangozi, akuthamangitsa ng'ombe.

Kutsogolo kwa msasa kumaoneka kwa see, koma n'konyenga, kwadzaza makwawa. Ndinatsikira m'khwawa limodzi, mnzanga amene anali poteropo n'kuyamba kundiitana, osandiona. Nyanga ya kumanja ya Azulu, ndiye kuti gulu lawo la mbali ya kumanja, inazungulira kuseri kwa phiri n'kutseka njira ya ku Rorke's Drift, imene Angerezi anadzera pobwera. Pomwe anakwirira akufa pali miulu ya miyala yopakidwa zoyera. Mukailondola ndi maso, imakusonyezani kumene anthu ankathawira, kulowera ku mtsinje wa Mzinyathi.

Agogo a ku Chelstone:
Mwanena bwino mwana wanga, koma musaiwale nyengo. Januwale ndi dzinja, mtsinjewo unali wodzaza ndipo ena othawa anamira. Ifenso Angoni, Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 cha ku Zumbo, pafupi ndi pomwe Luangwa amathira. Ndinagwirako ntchito ku Feira, moyang'anana ndi Zumbo, zaka zinayi. Mu Novembala madzi amaphwa, mchenga umaonekera pakati pa mtsinje. Akanafika mu Malichi, ana ndi ng'ombe zija akanaoloka nazo bwanji?

Mphunzitsi wa ku Kabwata:
Zikomo agogo, zikomo abambo. Lusaka yathu ndi yathyathyathya, ana ambiri sanaonepo chigwa chomeza munthu. Lolemba tikaumba phiri ndi chitundacho ndi dothi kuseri kwa kalasi, Azulu akhale njere za chimanga, ndipo mtsikana uja akagwade pa msasa, tsaya pansi, atiuze njere zimene akuziona. Abambo, ngati munajambula khwawa lija, nditumizireni pa WhatsApp lisanafike Lolemba.