Zatheka: mzere uja ukuboola sphere pawiri

Anzanga, zikomo nonse amene munandiyankha sabata yatha. Ndinkafunsa malo omwe mzere x = t, y = 3 − t, z = 3 − t ukumana ndi sphere (chinthu chobulungira ngati mpira) x² + y² + z² = 9, chifukwa ineyo ndinkangopeza kuti sizikumana.

Ndinatsatira amene anati ndilowetse x, y ndi z za mzerewo mu equation ya sphere, n'kufufuza t yekha. Ndinabwereza samuyo m'minibasi yochokera ku Kalingalinga, kope lili pabondo, ndipo cholakwa chinaonekera tisanafike m'tauni. Ndinkalemba (3 − t)² ngati 9 + t², kusiya −6t. Manyazi ake! N'chifukwa chake ndinkathera pa 3t² = −9.

Nditakonza, zinatuluka t² − 4t + 3 = 0, choncho t ndi 1 kapena 3. Musaimire pamenepo, bwezerani t mumzere. Malowo ndi (1, 2, 2) ndi (3, 0, 0). Yesani: 1 + 4 + 4 ndi 9 ndithu.

Achimwene ena anandikumbutsanso b² − 4ac, pamene a, b ndi c ndi manambala a mu equation yolembedwa ngati at² + bt + c = 0. Ikaposa ziro mzere waboola pawiri, ikakhala ziro wangokhudza, ikachepera ziro wadutsa pambali. Apa inali 4.