Thandizeni, akuti Chizungu changa mawu ake ndimasanja Chichewa

Membala wobisa dzina: Akuluakulu apagulu pano ndithandizeni chonde. Abwana andibwezeranso zomwe ndinalemba, akuti mawu ndimawadziwa koma kasanjidwe kake n'ka Chichewa. Tulo sindikupeza. Alamu anga omwe ndimakhala nawo andiseka ana akumva, chonsecho ndalama yanga ya feteleza chaka chatha sanabweze. Lendi yakwera, foni galasi linasweka, ndikulemba movutika. MSCE Chizungu ndinakhoza ndithu. Ntchito ikandithera ndilowera kuti? Osandinyoza chonde.

Mayi a mapasa: Pepani achimwene. Koma munalemba chiyani, kalata kapena lipoti? Tiikireni chiganizo chimodzi tione.

Mphunzitsi wopuma: VUTO NDI MAFONI! Mwana wolemba "gud9t" usiku uliwonse angasanje chiganizo? Ife kale ukalankhula Chichewa pasukulu unkapatsidwa chilango. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, ana zana kalasi imodzi, mphunzitsi angachonge makope onsewo?

Wa ku Joni: Ine zinandionekera ku Johannesburg. Bwana anafunsa "You didn't lock the gate?" ine ndinati "Yes", kutanthauza kuti eya sindinatseke, monga timayankhira kwathu. Iye anamva kuti ndatseka. M'mawa njinga ya mwana wake kulibe, malipiro anandidula. Ngati sunachite, pa Chizungu umati "No, I didn't", basi.

Mphunzitsi wopuma: Mwaona? Ku Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981, ana amaphunzira Latin. Galamala imachokera kumeneko, osati pa TikTok.

Namwino wa ku Zomba: Bambo, ndi angati anapita ku Mtunthama, kumene kuli Kamuzu Academy? Munthu akufuna thandizo lero. Achimwene, yambani ndi mafunso chifukwa ambiri timagwa pamenepo. Ife timati "Ukupita kuti?", mawu ofunsira kumapeto. Iwo amawaika kutsogolo, kenako is, are kapena do, kenako munthuyo: "Where are you going?", "What do you want?" Koma funsolo likalowa m'kati mwa chiganizo china, mawu amabwerera m'malo mwake: "Please tell me where the office is", osati "where is the office". M'makalata a kuntchito ichi chimagwetsa anthu kwambiri.

Mnyamata wa kabaza: Alamuwo auzeni mu Chizungu kuti abweze ndalama, mukhala mwaphunzira ndi kulipidwa komwe 😂

Mphunzitsi wopuma: Anamwino, mwana wanga, ndaphunzitsa inu musanabadwe. Munthu ayambe waloweza magulu asanu ndi atatu a mawu, noun, verb ndi anzake. Mwayamba kufolera nyumba yopanda maziko.

Namwino wa ku Zomba: Ine ndinaloweza zonsezo, koma he ndi she ndinkasokonezabe mpaka ku koleji, poti kwathu onse ndi "iye". Chinandithandiza ndi kuwerenga nyuzipepala mokweza tsiku lililonse.

Gogo wa ku Area 25: Mtundu wotani wochita manyazi ndi chilankhulo chake? Achina akumanga misewu kuno Chizungu chawo chili chothyokathyoka.

Mayi a mapasa: Chinanso, ife timati "nyumba yaikulu yofiira", dzina patsogolo. Iwo "a big red house", dzina kumapeto, ndipo kukula kumayamba, mtundu pambuyo. Komanso malo amatsogola, nthawi pambuyo: "I went to Limbe yesterday." Koma achimwene, chiganizo chija?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Abwanawo ngakhale moni sayankha masiku ano, mwina pali amene akundinenera zoipa.

Mphunzitsi wopuma: Moni wake mumapereka bwanji? Ngati mumati "How is you", nanenso sindingayankhe. Pezani dikishonale yapepala, osati ya pafoni.

Wa ku Joni: Dikishonale imasanja mawu kuyambira liti, bambo?