Chishango cha agogo chikutha ndi njenjete, ndichitani?

Mdzukulu wa kwa Mlonyeni: Abale, agogo anatisiyira chishango cha chikopa cha ng'ombe, nthungo ziwiri ndi chibonga. Zakhala kudenga kwa amayi kuno ku Mchinji, koma ubweya wayamba kuthothoka, nthungo zachita dzimbiri. Ndikapereke kumyuziyamu kapena tizisungabe?

Aphiri a ku Kasungu: Musathamangire mphwanga. Yambani mwafunsa akuluakulu akubanja, zimenezo si za inu nokha. Nthungozo pukutani ndi kansalu ka mafuta pang'ono basi. Osakwecha ndi mchenga ngati mpoto.

Nangozo: Achimwene, kaoneni kaye Chamare Museum ku Mua, ku Dedza. Kuli chipinda cha Angoni, mukaona mmene anzathu amasamalira zotere. Ku Blantyre kulinso ya ku Chichiri. Koma ine ndiye sindingapereke ayi. Chishango chikalowa m'galasi, pa ingoma mudzavina ndi chiyani?

Mphunzitsi wopuma: Funsani amayi ngati agogo ankanena kuti zinamenyako nkhondo. Angoni a Mpezeni anagonja kwa azungu mu 1898, ndipo Mchinji inkatchedwa Fort Manning. Lembani zonse adakakumbukira.

Mdzukulu wa kwa Mlonyeni: Zikomo. Amalume akana kale, akuti chibonga chokha sichituluka m'mudzi.