Mwaye wa kandulo ndi PDMS: chizindikiro sichikusuntha

Mayi Gondwe: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndithandizeni, mutu waima. Ndikuyesa kutulutsa ultrasound (phokoso lokwera kwambiri loti khutu silimva) ndi laser m'malo mwa piezo (kachipangizo kosandutsa magetsi kukhala phokoso), kuti ana asukulu aone ndi maso awo. Ndinafukiza kagalasi ka maikulosikopu palawi la kandulo mpaka kanada bii, kenako ndinathirapo PDMS (silikoni yamadzimadzi yomwe ikauma imakhala ngati labala) ya Sylgard 184, magawo 10 kwa gawo 1 la mankhwala oumitsa. Laser yake ndi ya mtundu wa Nd:YAG ya 1064 nm, ya kuwala kosaoneka ndi maso. Pa oscilloscope (makina oonetsa chizindikiro cha magetsi pasikirini) kamzere kakudumpha ndithu, koma ngakhale ndisunthe hydrophone (maikolofoni yomvera phokoso m'madzi) m'madzimo, kakungokhala pomwepo. Chinanso, m'mphepete mwa filimu ya PDMS-yo mukumata ngati ulimbo, lero ndi tsiku lachinayi.

Bambo Phiri: Mayi, pepani, chimene mukuonacho si phokoso la m'madzi ayi. Ndi chisokonezo cha magetsi chochokera ku laser ikamawombera, mawaya amachitola nthawi yomweyo. Phokoso m'madzi limayenda mamita pafupifupi 1500 pa sekondi. Ndiye hydrophone ikakhala masentimita 3 kuchokera pagalasi, chizindikiro chenicheni chifike patapita ma microsecond 20 (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi). Mukaikankhira pa 6, chifike pa 40. Chikapanda kusuntha chonchi, si chathu.

Mayi Gondwe: Zoona bambo. Ndayang'ana pa 20, pali kanthu kakang'ono zedi, kosasiyana kwenikweni ndi zinyalala.

Achimwene a ku Area 25: Nanga PDMS munathira yokhuthala bwanji, achemwali?

Mayi Gondwe: Mwina mamilimita awiri. Ndimaopa kuti mwaye ungayoyoke.

Achimwene a ku Area 25: Vuto lili pamenepo. Mwaye ntchito yake ndi kumeza kuwala n'kutentha mwadzidzidzi. PDMS yoyandikana nawo imafufuma ndi kutenthako, kufufuma kwachanguko ndiye phokosolo. Koma PDMS yomweyo imadyanso phokoso, makamaka la frequency yokwera, lonjenjemera mothamanga kwambiri. Mukaunjika, phokoso likubadwira pansi n'kufera m'njira lisanafike m'madzi. Pafunika kachikopa kopyapyala ngati khungu la anyezi. Ine ndinachotsa fani ya kompyuta yakufa, ndinamata galasi pakati pake ndi tepi, n'kudonthezapo PDMS pang'onopang'ono pambali, osati kukhuthula, chifukwa mwaye umakokoloka. Ikalowerera m'mwayemo ndiye muyatse faniyo, kuzungulirako kuimwaze ikhale yopyapyala. Vundikirani ndi chigubu chodula, apo ayi malaya atha.

Bambo Phiri: Ndipo kufukizako musapitirize muyeso. Masekondi ochepa akwana. Mwaye ukachuluka, PDMS siyifika pansi pomwe kuwala kukumezedwa.

Mayi Nkhoma: Za kumatazo ndifunse, munavala magolovesi anji?

Mayi Gondwe: A latex, omwe aja a kuchipatala.

Mayi Nkhoma: Ndinadziwa. Inenso anandivutitsa mwezi wathunthu, ndinkangoganiza kuti mankhwala anatha mphamvu panjira. M'latex mumakhala sulufule, ndipo imapha platinum imene imaumitsa Sylgard. Pomwe mwagwira ndi chala sipauma, ngakhale mudikire mpaka Khirisimasi. Gulani a nitrile. Thovu la mpweya nalonso mulisamale, limabalalitsa phokoso. Ngati mulibe pampu ya vacuum yokoka mpweya, mukasakaniza ingoisiyani m'kapu mphindi 30 thovu likwere lokha. Magetsi akakuzimirani mukuiumitsa mu uvuni musataye, imauma yokha m'masiku awiri.

Bambo Phiri: Mayi, ana amenewo avale magalasi oteteza maso a 1064 nm enieni, osati a dzuwa. Kuwala kumeneko sikuoneka, diso siliphethira n'komwe, munthu amangozindikira litapsa kale. Izi ndikunena mochonderera.

Mayi Gondwe: Ndabweranso, akuluakulu. Ndinapanga magalasi a mwaye atatu atsopano ndi fani ija komanso magolovesi a nitrile. Onse auma gwa. Chizindikiro chatulukira pa 20, ndipo nditakankhira hydrophone pa masentimita 6 chinapita pa 40, ana mpaka anaomba m'manja. Limodzi lokha ndi lomwe latuluka kachithuza pakati nditakweza mphamvu ya laser.

Achimwene a ku Area 25: Lapsa limenelo, filimu yasiyana ndi galasi. Tsitsani mphamvu, kapena kulitsani kadontho ka kuwala ndi lens. Tatumizani chithunzi cha kachithuzako tione.